Bonongwe Wofiira wa a Kamphinda

Malemu anabadwa pa 9 Marichi 1961 ku Chitala, ndipo dzina lawo ndi a Lawson Kamphinda. Ndikuwerengane ndine mng'ono wawo. Sukulu analekezera Sitandade 7.

Mu 1985 anamanga banja ndi mayi Tionenji. Mu 1990 analembedwa ntchito yosamala maluwa pa loji ina ku Senga Bay kuno. Udzu ankazula bwinobwino, koma bonongwe ankamudumpha. Mlendo wina atawauza kuti dzina lake lachizungu limatanthauza chomera chosafota, basi, mtima unatsalira pomwepo. Aliyense wochokera kutali ankamufunsa kuti kwawo amamutchula chiyani, n'kulemba m'kakope. Tinkawaseka, ine ndiye patsogolo: munthu wamkulu kumabzala ndiwo zomera zokha kukhola!

Popuma ntchito mu 2019 anali ndi mitundu khumi kuseri kwa nyumba ino. Wapamtima pawo anali wofiira, mbewu ya mayi athu, amene ngakhale ku Chitala sakupezekanso.

Anayamba kudwala mu Januwale chaka chino. Ali m'chipatala sankafunsa za mankhwala. Ankangofunsa ngati njere za wofiira uja zakhwima, poti zonse anali atafesa, m'botolo munalibe. Tinkayankha kuti zatsala pang'ono. Anatisiya Lachiwiri, pa 2 Epulo 2024.

Dzulo m'mawa tinasowa pokhoma tenti. Ndinaona tchire kuseriku, ndinatenga chikwakwa. Sindinaganize kanthu, manja ankangoyenda okha. Nditamaliza kutchetcha, alamu anga, mayi Tionenji, anatuluka ndi lichero, natola ngala za bonongwe wofiira uja imodziimodzi, osandiyang'ana. Amayi a kwaya, pamene mwakhalapo ndi pomwepo.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, Ruth, Yankho ndi Brian, komanso zidzukulu zisanu. Tikuthokoza a mpingo, adzukulu okumba manda, anzawo a ku loji amene atithandiza galimoto, ndi inu nonse mwagona nafe pano. Pempho lathu ndi limodzi: ngati alipo amene malemu anawagawirako mbewu yofiira, chonde aonane ndi mayi a nyumba ino.

Achimwene, munkafunsa tsiku ndi tsiku. Njere zija zinali zisanakhwime. Mzimu wanu uuse mumtendere.