Namwino pa Mzere wa ma ARV

Abale ndi alongo, ambiri mumandidziwa. Ndine namwino pa chipatala china chaching'ono kuno ku Machinga, ndipo ntchito yanga ndi kupereka ma ARV. Chimene simunkadziwa n'chakuti inenso ndimamwa mankhwala omwewo.

Tsiku limene ndinapezeka ndi kachilombo sindinalire. Ndinasamba m'manja n'kuitana wodwala wina. Kuyambira pamenepo mtima wanga unachita dzanzi. Kupemphera ndinkapemphera, kwaya ndinkaimba, koma zonse zinali za pakamwa chabe.

Ndinkadziwa mmene ife anamwino timayankhulira tikamamwa tiyi. Ena ankaseka, kumalozerana kuti uyu anakatenga kwa uje. Ine ndinkangotakasa shuga. N'chifukwa chake mankhwala anga ndinkakatenga ku Balaka, nditavala chitenje chakutha ndi mpango. Odwala anga sindinkawayang'ana kumaso. Ndinkangokankha botolo patebulo n'kuti, "Wina!"

Pa odwalawo panali mayi wina, Abiti Jafali, wogulitsa tomato ku Ntaja. Atasiya kubwera ndinangoti zawo zimenezo.

Tsiku lina ndili pamzere ku Balaka, munthu anandisendera pa benchi. Anali iwowo. Anali ataonda, milomo itang'ambika.

"Anesi, inunso?" anandifunsa.

Ndinati ndaperekeza m'bale wanga. Iwo anayang'ana botolo lopanda kanthu m'manja mwanga.

"Iyayi, musavutike. Ine ndinathawa inuyo. Munkandipatsa mankhwala ngati mukuponyera nkhuku madeya. Nanga inu mwathawa ndani?"

Anandiuza kuti ulendo wa ku Balaka ukawakanika amatha milungu osamwa. Munthu ankatha pang'onopang'ono chifukwa cha nkhope yanga.

Pobwerera tinakwera minibasi imodzi. Tikuwoloka Shire pa Liwonde ndinapemphera chamumtima kuti, "Yesu, ine sindikumva kanthu. Nditengeni momwemu." Misozi sinabwere. Koma ndisanatsike ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Amayi, bwererani ku chipatala chathu. Mukandipeza pa mzere."

Tsiku la kiliniki litakwana ndinakhala pakati pa odwala anga, ndili mu yunifolomu, botolo langa m'manja. Anzanga anasuzumira pawindo, palibe anaseka. Ndinadikira mpaka dzuwa litatentha, ndikuganiza kuti sabwera. Kenaka kabaza anaima pa geti, Abiti Jafali n'kutsika. Mpaka lero sanadumphepo, ndipo thupi linabwerera.

Sindinama pamaso pa Mulungu, dzanzi lija silinathe lonse. Masiku ena ndimaimba osamva kanthu. Koma Ambuye sanadikire kuti ndiyambe ndamva. Anandigwira dzanja ndili wouma choncho, ndipo mayi uja ali moyo. Dzina la Ambuye litamandike.

Ngati muno muli wina amene amapita kutali kuthawa maso a anthu, kapena anasiya kumwa, bwerani kwa Yesu mmene mulilimo. Mukatero mubwerenso ku chipatala. Mukandipeza, ndipo ndikakupatsani moni ndi manja awiri.