Njira ya a Musabbah Yokwera Phiri

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1951 kuno ku Ras Ghalil, ndipo anapatsidwa dzina lakuti Musabbah bin Darwish. Ine ndine Hamdan, mng'ono wawo. Sukulu yawo inali ya Korani, ina inali bwato la bambo athu. Mayi athu ndiwo anawauza kuti nthaka ikagwedezeka, nyanja n'kubwerera m'mbuyo, munthu asatole nsomba koma athawire kuphiri, poti mafunde aakulu akubwera.

Mu 1971 maufumu athu analowa m'chitaganya, malire a maufumu awiri n'kukhala odutsa pakati pa mudzi uno. Mu 1974 malemu anakwatira mayi Ghubaisha a tsidya linalo, ndipo ankati chitaganya chenicheni ndi cha kunyumba kwawo. Mu 1978 analowa ntchito yozimitsa moto.

Mu Epulo 2013 kutachita chivomezi, tonsefe, a mbali zonse ziwiri, tinathamangira kugombe poti kulibe makoma otigwera. Nyanja inatichitira chifundo, koma malemu ayi. Anatikalipira mwezi wathunthu, ine kuposa onse, chifukwa ndinafika kugombeko nditanyamula mpando.

Kuyambira pamenepo anafuna njira imodzi yothawira kuphiri. Tsoka lake, njirayo imayambira m'boma lino, kuthera m'boma linalo, n'kudutsa msewu wa chitaganya. Kumaofesi a maboma awiriwa ndi ya chitaganya, aliyense ankawamwetsa khofi n'kuwalozera kwa mnzake. Atatopa, anagula simenti n'kumanga masitepe ndi ana awo. Koma akaitana anthu kuti tiyeseze kuthawa, kunkabwera mbuzi zokha. Ataphika mpunga wa nsomba pamwambapo, tinabweradi, koma pa galimoto, kuzungulira kuseri. Ankadandaula kuti tsiku la tsoka tidzasokonekera, chifukwa miyendo yathu njirayo siikuidziwa.

Anayamba kudwala mtima mu Okutobala 2023, ndipo atisiya dzulo, pa 14 Febuluwale 2024. Pempho lawo lomaliza linali lakuti aikidwe kumanda akale a paphiri, ndipo asakwezedwe galimoto.

Abale anga, mwaona nokha. Maliro timayenda nawo mofulumira, tikulandizana pamapewa, ndipo palibe mwamuna angakane. Lero amuna onse a mbali zonse, pamodzi ndi akuluakulu a maofesi atatu aja, takwera njira ija wefuwefu. Achimwene atipusitsa, ndipo ndawasowa kale. Inu amayi amene simunakwere, musaseke: mayi Ghubaisha akuti masiku awo a chisoni akatha, akukwezani nonse.

Malemu asiya mkazi, ana anayi, Jumaa, Afra, Suhail ndi Moza, ndi zidzukulu khumi ndi chimodzi. Tikuthokoza madokotala, osambitsa thupi, okumba manda pathanthwe paja, ndi inu nonse amene mapewa akukuwawani. Allah awakhululukire ndi kuwakulitsira manda awo. A Musabbah, usani mumtendere pamwamba pomwepo. Njira taidziwa.