Chitseko cha Kumanzere

— Halo?

— Halo, alamu. Ndine Nasoni, kuno ku galaja ku Nsaru. Mwaswera bwanji?

— Taswera, kaya inu a Nasoni?

— Taswera ndithu. Ana ali bwanji ku Kabudulako?

— Alipo. Nanga mayi akunyumba?

— Akudandaula msana, koma akuyenda. Mvula yafika uko?

— Yangowopseza. Nenani msanga, ndikusoka fodya m'chigafa muno, manja ali phulaphula. Pikapu yatha?

— Ndiye nkhani yake imeneyo.

— Chitseko chimodzi chokha, a Nasoni. Fumbani wanga akuifuna madzulo ano, akatenge ana a kwaya ku Kasiya.

— Mwana wanuyo asaitenge kaye.

— Chifukwa?

— Ndimvereni bwino. Chitseko cha kumanzerecho chinagwa pang'ono, n'chifukwa chake sichimagwira loko. Ndamasula mabawuti a mahinjesi, ndaika thabwa pansi pake, ndachikweza ndi jeke mpaka chalingana ndi bodi. Ndamanganso. Kutseka, chatseka bwinobwino ngati chatsopano.

— Ndiye vuto lili pati?

— Ndikangotembenuka kukaika sipanala, chikutseguka.

— Loko yatha imeneyo. Gulani ina.

— Ndasintha kale. Ndipo sichikutseguka chonse ayi. Chikungosiya mpata woti mwendo wa munthu n'kudutsa. Ndikachikankha chikubwerera mofewa, osati ngati chitsulo chagunda chitsulo.

— A Nasoni, mwamwa?

— Chimwalirire achimwene sindinalawe. Halo? Mukundimva?

— Netiweki ikudukaduka. Dikirani ndituluke. Eya, nenani.

— Galimotoyi yapendekera kumanzere. Ndayang'ana masipuling'i, ali bwino. Matayala mpweya ndi wofanana. Koma yapendekera ngati pampando pali munthu wathupi. Ndipo mpandowo ndikaukokera kutsogolo, ndikuupeza wabwerera m'mbuyo.

— Mmene ankaukondera bambo a Fumbani.

— Mwanena ndinu.

— Ine ndine wa Chigwirizano cha Amayi, a Nasoni. Amuna anga tinawaika ku Nambuma kwanu, inu munaponya nawo dothi. Musandiyambitse zina.

— Fumbani anakuuzani chimene chinagwetsa chitsekochi?

— Akuti anagunda chitsa.

— Anaopa kukudandaulitsani. Lachiwiri lija, atafika pamphambano yopita ku Nambuma, chitseko chinatseguka chokha galimoto ikuthamanga. Chiwongolero chinakokera kumeneko. Iye kulimbana nacho, n'kukagwera m'ngalande. Pakanakhala pamlatho bwenzi tikunena zina.

— Mwana ameneyu. Ndipo akufuna akwezemo ana a eni ake.

— Ndifunse, alamu. Achimwene anatsirizikira kuti kwenikweni?

— Mukudziwa. Panjira yopita kuchipatala ku Namitete. Tinafika nawo atazizira kale.

— Atakhala pati?

— Pampando womwewo. Mwendo wotupa uja sunkapindika, ndiye chitseko tinangochimanga ndi chingwe, phazi lili panja.

— Pochoka kumochale, bokosi tinalikweza pa lole ya mpingo. Malume athu ankalankhula nalo pamlatho uliwonse, tawoloka Namitete, tikupita kwanu, mpaka kumanda, tafika, tsikani. Zonse tinachita. Koma tinkauza bokosi lokha.

— Pikapu inatsala kuchipatala tsiku limenelo.

— Eya. Munthu anatsirizikira m'pikapu, ndipo palibe anamuuza kuti atsike.

— Ndiye miyezi yonseyi akungoyenda ndi mwana wawo, kunyamula manyowa ndi mbuzi za anthu?

— Ine ndimadziwa zitsulo, alamu. Apa zitsulo zilibe mlandu.

— Auzeni inuyo. Si m'bale wanu?

— Ndayesa m'mawa. Chitseko chinangosuntha pang'ono, n'kuima. Achimwene ine sankandimvera ali moyo.

— Ankamvera ndani?

— Inu.

— Mmm. Muli pafupi nayo?

— Ndaima pakhomo la galaja. Anyamata onse ndawabweza kunyumba.

— Pitani mukaike foni pampandopo. Muikweze mawu.

— Alamu, mayunitsi atsala pang'ono.

— Ndiye fulumirani, musandidyere nthawi.

— Ndafika. Muno mukuzizira. Ndaika.

— Bambo a Fumbani. Ndine Edina. Ndatopa, ndipo fodya akundidikira, ndiye ndinena kamodzi. Munatsala pang'ono kundiphera mwana. Kwanu mukufuna, tamva. Mawa m'mawa ndibwera ndekha, ndikhala pakati, tikakutulani ku Nambuma. Koma lero mukhale phee. Lowetsani mwendowo, chitseko chitsekeke.

— ...

— A Nasoni? Chalira n'chiyani?

— Chatseka.

— Mwachikankha inu?

— Manja anga anali m'thumba, alamu. Foniyi ndachita kuitolera pawindo. Chalingana ndi bodi bwinobwino, ngakhale mpata wa chala palibe.

— Yaweramuka galimotoyo?

— Ayi. Ikadali yopendekera.

— Chabwino. Makiyi muwabise. Fumbani akabwera mumuuze kuti kwaya ikwere minibasi, akalimbalimba mundiimbire.

— Abusa tiwauze?

— Tikabwerako. Mudzayendetsa ndinu mawa, osati mwana wanga.

— Ine? Alamu, kodi simungapeze...

— Ndinu. Ndipo mudzaima pamlatho uliwonse, ndidzanena ndekha.

— Nanga usiku uno ndiisiye muno yokha? Wailesi yake yangoyaka, alamu, makiyi ali m'manja mwanga...

— Isiyeni, ankakonda nkhani za masana. Tsekani galaja muzipita. Ine ndibwerere m'chigafa, mitambo yayamba kuda ndipo fodya theka akadali pansi. Halo? A Nasoni? Halo?