Ndinanamiza mkamwini za galimoto yake

Izi sindinauzepo munthu, ngakhale mayi akunyumba. Ndine makaniko wokalamba wa kwa Mkanda, sukulu ndinayamba ndili ndi ndevu kale. Mkamwini wanga anabweretsa galimoto yokhala ndi batani loti iziyenda yokha pa liwiro limodzi. Vuto linali loti akaponda buleki, injini inkangokokabe.

"Apongozi, inu simulephera," anatero.

Zamagetsi zoterezi sindizidziwa, koma ndikanayamba bwanji kuuza mkamwini? Ndinangosintha fyuzi n'kunena kuti yatheka. Madzulo mwana wanga anandiuza mokondwa kuti mawa apita ku Lilongwe pa galimoto ija, iye, mwamuna wake ndi ana.

Kutacha ndinapalasa njinga, n'kuwapeza akulongedza katundu. Ndinavula chipewa n'kuuza mkamwini kuti, "Bambo, ndinakunamizani. Galimotoyi isatuluke."