Amayi Halo Achotsa Khutu

Malemu anabadwa pa 9 Meyi, 1952, oyamba m'banja la ana asanu. Ine ndaima panoyu ndine mzime, ndipo ndinakulira kumsana kwawo.

Sukulu anayamba mu 1959 n'kulekezera Fomu 2. Mu 1971 analembedwa ntchito yolumikiza mafoni pakampani yosoka nsapato. Kachipinda kawo kanali kuseri kwa masitepe, kopanda zenera. Munali bolodi la mabowo makumi anayi, zingwe, ndi mpando wolira ngati kamwana ka mbuzi. M'menemo ndi mmene anatolera dzina loti Amayi Halo. Ukawadandaulira sankakupatsa kanthu, ankangoti pita kwa uje, ukanene kuti ndakutuma ndine. Ujeyo n'kukutumiza kwa wina, mpaka ntchito waipeza. Ambiri mwakhala panonu simukudziwana, koma mutafunsana bwino mupeza kuti nonse munadzera m'manja mwawo. Lamulo lawo pantchito linali limodzi: ukalumikiza anthu, chotsa khutu, alankhulane okha.

Mu 1974 anakwatiwa ndi amakanika a pakampani pomwepo, amene anatisiya mu 2003. Anabereka ana aakazi awiri, aphunzitsi ndi anamwino.

Apa ndinene mosabisa, poti anandituma okha. Mu 2009 aphunzitsi sanapite kuukwati wa ang'ono awo, anamwino aja, ndipo kuyambira pamenepo awiriwa sanapatsanenso moni. Uthenga wonse unkadzera kwa mayi awo. Uyu akalankhula zowawa, malemu ankakafikitsa zofewa. Zidzukulu nazo zinatengera, kumadutsana pamsewu ngati alendo. Zaka khumi ndi zisanu, abale anga! Zinkatipweteka kwambiri.

Mu Januwale chaka chino anagonekedwa m'chipatala ndi matenda a impso. Ndili pambali pa bedi, anandiuza kuti lamulo lija analiswa pakhomo pawo pomwe. Anakakamira pakati, ana n'kuzolowera, ndiye iwo akapita banja liduka pawiri. Anaitana mwana aliyense payekha kuti abwere Lachinayi, 3 koloko masana. Atafika onse awiri, malemu anatembenukira kukhoma n'kufunda bulangete mpaka kumutu. Theka la ola linatha. Kenaka aphunzitsi anafunsa ang'ono awo kuti mapilitsi achikasuwo ndi a chiyani, ndipo anamwino anayankha. Ine ndinaona bulangete likugwedezeka. Kaya ankaseka, kaya ankalira, sindinafunse.

Anatisiya pa 2 Febuluwale. Asiya ana awiri, zidzukulu zisanu ndi ife abale awo atatu amene tatsala. Tikuthokoza madokotala, oyandikana nawo nyumba, ndi anzawo akuntchito amene uthenga wa malirowu unakupezani kudzera mwa uje ndi uje.

Madeti ndawerengawa anandilembera ana awo awiri, atakhala patebulo limodzi, akutsutsana za chaka cha ukwati wa mayi awo. Achemwali, khutu mwachotsa, ndipo ana anu akulankhulana okha. Usani mumtendere.