Dzanja pa Mtengo, Pakamwa Chete

M'mawa wa pa 1 Meyi ndinalowera pa kakhomo ka kuseri kwa shedi ya a Korbinian Haslbeck, nditanyamula nkhata ya masamba yoti ikakhale pansonga pa mtengo wa Meyi, mtengo wautali wopaka penti wa chikondwerero, umene mudzi wathu wa Eglach unkayenera kudzutsa masana ake. Ndinapeza mphanda zogonekapo mtengowo zili zokhazokha, mtengo palibe, a Korbinian atafiira ngati soseji yapamoto, ndipo alamu awo a Vitus, oimba belu kutchalitchi, atakhala pa chitini cha penti akudya buledi mosatekeseka.

Kuba mtengo wa Meyi si mlandu kwathu kuno, ndi mwambo. Mlonda akangoika dzanja pa mtengo n'kunena kuti "mtengo utsala pano," akubawo amautula n'kubwerera kwawo chimanjamanja. Koma ukadutsa malire a mudzi, mumakauwombola ndi migolo ya mowa, manyazi ali pamwamba. Tsono a Korbinian, wapampando wa komiti yathu, munthu wosamva za mnzake chibadwire, analumbira ku bala anthu onse akumva kuti a m'mudzi woyandikana nafe wa Tannried akadzauba iwo ali pampando, adzameta ndevu zawo pabwalo masanasana. Ndevu zimenezo anaziweta kuyambira ali mnyamata, zopota uku ndi uku ngati nyanga za nkhosa. Akazi awo a Zenzi, omwe ndi mlongo wawo wa a Vitus, anasiya kalekale kuzidandaula chifukwa mawu anawathera.

"Alamu, mtengo uli kuti?" anafunsa a Korbinian.

"Uli bwino," anatero a Vitus akutafuna.

"Sindinafunse za thanzi lake."

"Ngakhale penti siinakandike."

A Korbinian anapuma mozama n'kufunsa ngati alamuwo ankakumbukira zimene anawauza powasiyira ulonda. A Vitus anati ankakumbukira bwino lomwe, ndipo zinali ziwiri: dzanja lisachoke pa mtengo mpaka kutacha, komanso asayankhule ndi munthu wa ku Tannried ngakhale liwu limodzi, poti anthu amenewo amakuba ndi pakamwa pomwe.

"Eya. Ndiye anabwera?"

"M'bandakucha. Anyamata aulemu wawo. Anavula ndi zipewa."

"Munaika dzanja?"

"Linali pomwepo kale." Anaonetsa chikhatho, chili mbuu ndi penti yoyera.

"Ndiye mawu aja munanena?"

"Kwa yani?"

"Kwa akubawo, alamu, kwa yaninso?"

"Ndi a ku Tannried amene aja."

Ine ndinaika nkhata yanga pansi. Ndinaona kuti nkhaniyi siitha msanga, ndipo ndinene zoona, mtima wanga unkasangalala.

A Vitus anafotokoza bwinobwino, ngati akuwerenga uthenga wa Lamlungu. Anyamatawo ankafuna kuzula chitseko chachikulu, koma iwo anawamvera chisoni alamu awo, chitsekocho n'chakale, ndiye anapereka kiyi ndi dzanja linalo. Atanyamula mtengo n'kuukweza pa ngolo, dzanja linanyamuka nawo, ndipo munthu sangatsale dzanja lake likupita.

"Munawatsatira?"

"Ndinatsatira dzanja."

"Bwanji osaimba belu? Si ntchito yanu imeneyo?"

"Chingwe chili kutchalitchi, alamu. Dzanja linali pa mtengo."

"Osakuwa bwanji? Munadutsa pawindo panga penipeni."

"Ndinaganizapo. Koma mawu sasankha khutu. Ndikanakuwira inu, a ku Tannried akanamvako, ndiye kuti ndayankhula nawo." Anasasa nyenyeswa pa bondo. "Inu munkachita mkonono. Achemwali ndi amene anasuzumira, anatiyang'ana bwinobwino n'kutseka katani."

"Akazi anga musawalowetsemo."

"Sanalowemo. Ndati anatseka katani."

Panali povuta pa kona ya katchalitchi kaja makolo anamanga mliri wa ng'ombe utatha. Mtengo ndi wautali, msewu ndi wopapatiza, ndipo anyamatawo anatsala pang'ono kugumula khoma. A Vitus anawalozera ndi chibwano mokhotera mwake, poti mtengo wa chaka chatha anaukhotetsa pomwepo ndi iwo. Pachitsime cha pabwalo anapumula, iwo ali chiimire. Pachikweza cha kuchigayo chakale ngolo inakana kukwera.

"Musandiuze kuti munakankha."

"Dzanja linali kale pamenepo, alamu. Likanangokhala?"

A Korbinian anagwira ndevu zawo mbali zonse ziwiri ngati munthu wogwira mwana wake pamsewu wa magalimoto. Mawu awo anatsika. Anafunsa za chinthu chimodzi chokha chimene chinatsala, mwala wa malire wa pamlatho, ngati mtengo unaudutsa.

"Mwala uti?"

"Wa pamlatho. Uli umodzi."

"Wabodza uja?"

Apa mpofunika ndifotokoze, ngakhale mwana aliyense wa mu Eglach amazidziwa kuposa katekisimu. A Korbinian akhala akulalikira moyo wawo wonse kuti mwala wa pamlatho ndi wabodza. Amati a ku Tannried anausuntha chaka cha chigumula m'nthawi ya agogo awo a agogo awo, kuti malire enieni ali kuseri kwa tchalitchi cha ku Tannried, m'mphepete mwa nkhalango, ndi kuti Tannried yonseyo inali makola a ng'ombe zathu basi. Amazinena paukwati, pamaliro, ngakhale pa msonkhano wa ozimitsa moto. Tatopa nazo, koma ndani angawauze?

"Ine ndinkangodikira malire enieni," anatero a Vitus. "Ndinati tikafika kunkhalango ndiswa lamulo, ndiyankhula. Sitinafike. Anaima pabwalo pawo. Kutacha ndinachotsa dzanja n'kubwera kudzadya."

Ndinayang'ana a Korbinian. Kenako ndinaona nsonga za ndevu zikudzuka pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti mtengo sunatuluke m'mudzi."

"Monga mwa mawu anu, sunatuluke."

"Ndiye kuti sunabedwe."

"Wangosintha shedi."

A Korbinian anawomba alamu awo paphewa n'kunena kuti anthu amawanyoza chabe, mutu ali nawo. Ananditembenukira ine kuti ndikhale mboni: palibe kuba, palibe mowa, palibe kumeta. Anayamba kuyendayenda manja ali kumbuyo ngati tambala. A Vitus anadikira kuti amalize, n'kunena kuti n'zimene a Ignaz Brandl, wapampando wa ku Tannried, ananenanso, ndipo anakondwa nazo kwambiri.

"Munayankhula ndi Ignaz?"

"Ndinangomvera. Makutu simunawaletse."

"Wati chiyani?"

"Ati poti ndife mudzi umodzi, mtengo udzutsidwire pabwalo pawo. Ndi lalikulu."

"Aiwale."

"Ati mudzi umodzi sukhala ndi magulu awiri a malipenga. Athu akalowe m'gulu lawo, kumbuyo."

"Alamu."

"Ati komitinso ikhale imodzi. Tivote masana ano. Iwo ndi ambiri kuposa ife, koma ati musadandaule, akupatsani udindo wosunga penti."

Ndakhala nawo a Korbinian pafupi zaka zambiri, koma sindinawaonepo akulimbana ndi iwo eni. Dzanja limodzi linali pa ndevu, lina likumenya mphanda. Anayesa kunena kuti Tannried ndi yathu koma anthu ake si athu. A Vitus anafunsa mwaulemu kuti nanga anthuwo ndi a ndani, a ng'ombe? Anayesa kunena kuti malire amagwira ntchito pa malo, osati pa mavoti. A Vitus anati iwo ndi munthu wosaphunzira, awauze chimodzi chokha choti akayankhe wowafunsa: Tannried ndi kwathu kapena si kwathu?

"Si kwathu!" A Korbinian anakuwa mpaka nkhunda zinathawa padenga. "Sinakhalepo kwathu! Mwala uja uli pamalo pake chiyambire, palibe anaugwirapo. Ignaz akalamulire abale ake kutsidya kwa mlatho."

A Vitus anapukuta pakamwa, anadzuka, n'kukankha chitseko chachikulu chija.

Panja panali mtengo wathu uli pa ngolo, wowala ngati watsopano. Kumbuyo kwake kunali Tannried yonse, zipewa zili m'manja, ndi theka la Eglach litagwira pakamwa. Palibe anatsokomola nthawi yonseyo. A Ignaz anayamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono, ndipo wa lipenga lalikulu analiliza kamodzi kokha, buu.

"Ati chaka chino mowa sakuufuna," anatero a Vitus. "Dipo lake linali mawu amenewo. Mwalipira."

A Korbinian anayang'ana mtengo, n'kuyang'ana anthu. Pofuna kutola kaulemu kotsala, ananena mokweza kuti chachikulu n'chakuti mtengo wabwerera popanda kutaya ngakhale dontho la mowa, ndipo nkhani yatha. Anthu sanasunthe. Mnyamata wina wa ku Tannried anatsitsa mpando pa ngolo n'kuuika pakati pa msewu, ndi chinsalu choyera pamwamba pake.

"Nanga mpandowo?"

"Mwanena nokha kuti mwala uli pamalo pake, alamu. Ndiye kuti mtengo unadutsa malire."

A Korbinian anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda mphanda. Anati lero ndi tsiku la tchuthi, wometa satsegula, ndipo mu Eglach monse mulibe lumo loti n'kulimbana ndi ndevu ngati zimenezi.

A Vitus anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kanthu kokulunga m'kansalu ka kukhitchini, kamene tonse tinakazindikira maluwa ake.

"Za lumo musavutike, alamu. Achemwali alinola okha, kuyambira dzulo masana."