Mbiri ya Malemu Arnulfo Bagtas, Amene Anapatukira Wamkulu

Malemu Arnulfo Pareja Bagtas anabadwa pa 9 Malichi 1984, kuno ku Naic, m'nyumba imene mwakhalamoyi. Mawu awa ndi anga, ine Asuncion Pareja, agogo awo, amene mumanditchula Lola Sioning. Kusukulu sindinapondeko. Ndanena ndi pakamwa, mpongozi wanga walemba, ndipo ndamuuza kuti asachotsepo kanthu.

Mu 1987 mayi awo, mwana wanga Nenita, anapita ku California kukasamalira nkhalamba za eni. Malemu anatsala m'manja mwanga. Ndinawalera ndi mantha, sindibisa. Kunyanja ndinkawaletsa, kusamba thukuta lisanaume ndinkawaletsa. Koma chimene ndinalimbikira kwambiri, mpaka ndi patapata, chinali ulemu. Wamkulu akawerama, manja ataphatikiza kuloza pansi popempha njira, mwana amapatuka osafunsa. Nulfo wanga anachigwira chimenechi kuposa ana onse a mumsewu uno.

Sukulu anayamba mu 1990. Mu 1998 mayi awo anawatengera ku California, ndipo anakamalizira komweko. M'chaka cha 2003 analowa usilikali wa panyanja wa dziko limenelo. Nditamva ndinalira. Iwo pafoni ankangoseka: "Lola, inu mumaopa ndi madzi a m'beseni omwe. Ndege zathu zilibe n'mfuti yomwe, ntchito yake ndi yanu yomweyo, kusuzumira anthu."

Anali m'gulu la ndege zolondera. Anandiuza kuti magulu otere anayamba nkhondo yaikulu itatha, chifukwa sitima zinkadzidzimuka ndi adani obwera chamunsimunsi, osaoneka mpaka atafika. Ndege yake imasenza chimbale pamsana ngati lichero. Imanyamuka pasitima anzake asananyamuke, n'kukaona kutali kumene maso a sitima safika, n'kumauza ena kuti uko kukubwera chakuti. Pobwerera imatera pomalizira. Malemu sankauluka nayo. Anali makaniko.

Ndegeyo imakokedwa ndi mipeni ikuluikulu yozungulira ngati fani, ndipo ikathamanga sioneka. Choncho injini zikalira, anthu a gululo amagwirana manja kuizinga, kuti wina asalowepo. Pamenepo palibe kumvana, aliyense watseka makutu. Lamulo lake ndi limodzi: dzanja la mnzako sulitaya, kaya wabwera ndani.

Pa 14 Juni 2008 anakwatira mayi Divina Poblete, ndipo mu 2010 Mulungu anawapatsa mwana wamkazi, Kristel.

Tsopano ndinene chimene ambiri mwakhala mukunong'onezana. Musanong'onenso, mumve kwa ine. Mu Ogasiti 2012, masana dzuwa lili pamutu, malemu anali pamzere wogwirana manja uja. Kunatulukira bambo Eleuterio Ilano, otchedwa Mang Teroy, a ku Tanza konkuno, amene ankasunga zida m'zipinda za pansi pa sitima ndipo pamwamba sankabwerapo kawirikawiri. Anali munthu wa imvi, amene ankawagawira malemu nsomba zouma zochokera kwawo n'kumawatchula "mwana wanga". Anali pachangu, atanyamula chitsulo chimene wina anaitanitsa. Atafika pamzere anawerama, manja kuloza pansi. Malemu anataya dzanja la mnzawo n'kupatuka.

Mang Teroy anayenda mapazi atatu okha, n'kulowa m'mipeni ija.

Akuluakulu anafufuza, n'kunena kuti zolakwika zinali zambiri, osati za munthu mmodzi. Malemu sanazimve zimenezo. Anandiuza kamodzi kokha: "Lola, sindinaganize n'komwe. Thupi linangopatuka lokha." Sananene kuti ndani analiphunzitsa thupilo. Mpaka kumwalira sanandiloze chala. Koma patapata uja ndinagwira ndine.

Mu 2014 anawapumitsa ntchito chifukwa cha matenda a maganizo. Mowa unalowa m'nyumba, banja linagwedezeka. Mayi Divina musawanene, anapirira kufika pamene munthu amafika. Mu 2016 malemu anabwerera kuno, ndipo ndinalumbira pamaso pa Amayi Maria kuti mwana uyu safa ine ndili moyo.

Mukumva kutentha muno, ndaona mukudzikupiza ndi makatoni. Mafani ndinachotsa ndine. Fani ikazungulira, malemu ankaima patsogolo pake manja atatambasula, osasuntha, mpaka wina aizimitse. Kugombe asodzi akakweza injini za maboti, ankathamangitsa aliyense woyandikira, ndipo ena mwa inu munkawaseka kuti apolisi a pamchenga afika. Ndinakumvani. Sindikutchulani maina pamaliro.

Ndinawalondera zaka zitatu. Ndinkawaphikira phala la mpunga la nkhuku, n'kukhala pomwepo mpaka ameze. M'mawa uliwonse ndinkayenda m'magolosale kuchenjeza kuti asawagulitse mowa. Aling Pasing, mayi a golosale ya pakona, ankati, "Lola, ine sindimugulitsa, koma miyendo ndi yake." Zoonadi, ankakwera njinga yamoto kukagula ku Tanza. Kenaka ndinamva kuti akagula ankakaima kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi nyumba ya mkazi wamasiye wa Mang Teroy. Sanagogodepo. Ndinawapempha kuti tipite tonse tikagwade. Anati, "Ndikanena chiyani, Lola? Kuti ndinawachitira ulemu?"

Mu Seputembala chaka chino maso awo anasanduka achikasu, mimba n'kutupa. Kuchipatala anakana mpaka tinachita kuwanyamula anthu anayi. Madokotala anati chiwindi chatha. Anagona masabata asanu ndi limodzi, ndipo anatisiya Lachinayi pa 21 Novembala 2019, nthawi ya chakudya chamasana, ali ndi zaka 35. Ndinali pomwepo, nditawagwira mwendo. Kulondera kwanga konse kunathera pamenepo.

Mumandidziwa kuti sindisowa chenjezo. Lero ndilibe loti ndikupatseni pa za kulera ana. Ndikati musawaphunzitse ulemu, ndanama. Ndikati aphunzitseni, bokosi ili pano. Ndingokukumbutsani zamwambo. Misozi isagwere pabokosi. Muno musasese mpaka titaika. Kristel mumudutsitse pamwamba pa bokosi, bambo ake asamamubwerere kutulo. Pochoka kumanda musalunjike kwanu, yambani mwapatukira kwina, imfa isakutsatireni. Yatikwana.

Malemu asiya mayi awo a Nenita, amene ndege yawo inatera dzulo, akazi awo mayi Divina, mwana mmodzi, ndi ine amene ndinayenera kutsogola.

Tikuthokoza Bambo Mfumu ndi amayi a kolona amene sanatisiye. Tikuthokoza anzawo a gulu la ndege amene anasonkha za bokosi, ndi asodzi amene amanga chisakasa panjapo. Kwa mayi Ilano a ku Tanza tinatumiza uthenga. Sanabwere, ndipo sitikuwadandaula. Aling Pasing, zikomo. Dzulo m'mawa miyendo inanditengera kugolosale kwanu, ndipo ndinayamba kunena kuti musamugulitse. Simunandiseke. Munangotuluka n'kundiperekeza kunyumba.

Nulfo, mdzukulu wanga, ine ndalephera. Akusunge Mwini wake tsopano. Mzimu wa malemu Arnulfo Pareja Bagtas uuse mumtendere.